Amene Anapereka Medson

1

Mukafunsa Mmalawi aliyense wakale kuno ku Toronto kuti mwamuna wanga Medson anamupereka ndani, sachedwa kuyankha. Akuuzani kuti ndi Tobias, wakamera uja. Dzina limeneli lakhala likulavulidwa m'maliro ndi m'maukwati mwathu zaka zonsezi, ine mwini nkhani ndili chete, mutu woweramitsa ngati namfedwa wa ulemu wake. Kukhala chete kumeneko kwanditopetsa. Dzina langa ndine Bertha, ndipo ndikufotokozerani mmene zinayendera.

Tinafika kuno mu 1973. Medson anali atapeza mwayi wa sukulu ku yunivesite, kudzaphunzira za kayendetsedwe ka boma, ndipo ine, pokhala namwino, ndinapeza ntchito kunyumba yosamalirako okalamba ku Scarborough. Tinkakhala pa nsanjika ya 14 ya chinyumba chimene chikepe chake chinkafa mlungu uliwonse. Chaka chotsatira tinalandira mphatso ya mwana wamkazi, Grace.

Amalawi tinalipo owerengeka, osakwana makumi awiri, kuphatikizapo anzathu a ku Chipata amene tinkawatenga ngati athu. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi tinkasonkhana kunyumba kwa mmodzi wa ife, kudya, kuimba nyimbo za Mulungu, kudandaula za kuzizira. Za ndale zokha ayi. Tonse tinakulira m'dziko la chipani chimodzi, kumene munthu sunkalowa mumsika popanda khadi, ndipo ngakhale tinali titaoloka nyanja yamchere, mantha tinabwera nawo m'masutikesi. Aliyense ankadziwa kuti zolankhulidwa kunja zimafika kumudzi. Chomwe sitinkadziwa ndi amene ankazifikitsa.

2

Tsiku lina m'mawa mu Seputembala 1975, nditavala kale yunifolomu, Medson anandiitana.

"Amake Grace, tabwerani mudzaone zodabwitsa."

Ndinamupeza atakhuthulira patebulo chimanga changa cha mbuliwuli, nyemba ndi mtedza, ataziunjika milu itatu.

"Bambo, mwayamba kuombeza maula ndi ndiwo zanga?"

"Khalani pansi, si basi yomaliza imeneyo. Dzulo kunali chisankho. M'nyumba ya malamulo ya chigawo chino cha Ontario muli mipando 125. Chimangachi ndi a Conservative, olamula, apeza 51. Nyembazi ndi a NDP, 38. Mtedzawu ndi a Liberal, 36. Tsopano phatikizani nyemba ndi mtedza."

"Zikwana 74."

"Ndiye wamkulu ndani pamenepa?"

"Ndiye kuti boma lagwa?"

"Silinagwe, koma likuyenda ndi ndodo yobwereka. Likafuna lamulo, lizikagwada kwa nyemba kapena kwa mtedza. Onsewa atagwirizana tsiku limodzi n'kunena kuti ayi, boma lapita."

Ndinayang'ana milu ija, kenako ndinafunsa ndi mtima wonse: "Nanga nyembazo azitsekera liti m'ndende?"

Medson anaseka mpaka misozi. Ine sindinaseke. Pamenepo m'pamene anandiululira kuti masabata onse aja ankati ali kulaibulale, ankayenda khomo ndi khomo kugawa mapepala a bambo wina dzina lake Dunleavy, amene tsopano anali imodzi mwa nyemba 38 zija. A Dunleavy anamukonda, ndipo anamupatsa kantchito ka masana mu ofesi mwawo. Poti mipando inali yothinana chonchi, phungu aliyense ankayenera kupezeka pampando pake belu la voti likalira, ndipo Medson ndiye anali wothamanga, wofona uku ndi uku, woyankha makalata a anthu.

Kenako anatulutsa m'thumba kakhadi ka chipanicho, dzina lake lili pomwepo.

"Mayo ine! Bambo a Grace, khadi la chipani chotsutsa? M'nyumba muno?"

"Kuno si mlandu, mayi."

"Kuno simudzafera kuno. Pasipoti yanu ndi ya kuti?"

Anangoyamba kubwezera nyemba m'botolo, ine n'kuthamangira basi.

3

Mwezi wa Novembala ananditengera ku Queen's Park, kumene kuli nyumba ya malamulo ija, kuti ndikaone ndekha. Grace tinamusiya kwa mnzanga, tinakwera sitima yapansi, n'kukakhala pakhonde la m'mwamba la alendo. Pansi pathu aphungu anali atakhala moyang'anizana, ndipo Medson ankandinong'oneza akuloza ndi chibwano: awa ndi chimanga, awo nyemba, awo mtedza. Otsutsa anali ambiri kuposa olamula, zooneka ndi maso.

Ndiye kunaimirira kamunthu kadazi, kochepa thupi, n'kuyamba kukalipira nduna ya boma pa nkhani ya lendi. Kuloza chala, abale! Anzake akumenya madesiki ndi manja, phokoso ngati pachigayo. Ine thukuta kamukamu, maso ali kuchitseko, kudikira apolisi.

"Amenewo ndiye a Dunleavy," Medson anatero monyadira.

"Ali ndi ana?"

"Atatu."

"Kalanga, ana osauka."

"Amake Grace, akatuluka muno akamwera tiyi limodzi ndi ndunayo."

Nkhope ya mwamuna wanga tsiku limenelo inkawala mwa mtundu umene ine sindinauonepo, ngakhale tsiku la ukwati wathu. Zinandipweteka, ndisaname.

Titatsika tinakumana ndi mlembi wa a Dunleavy. Dzina lake anali Alice, wobadwira konkuno kwa makolo a ku Jamaica, wamtali, wovala thalauza, woseka ndi mano onse. Anandipatsa moni bwinobwino. Koma potsanzikana anamukonzera Medson kolala ya jekete, pamaso panga, ngati n'chinthu chimene amachita tsiku ndi tsiku. Ankamutchula dzina lenileni, Medson, dzina limene ine mkazi wake sindinkalitchula pagulu.

Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu munangodzaza Alice. Alice wati boma likhoza kugwa Lachinayi. Alice wati mtedza wagwirizana ndi chimanga. Ndikafika kuchokera ku shifiti, miyendo itatupa ndi kunyamula nkhalamba, ndinkapeza chakudya chake chili chivundikirire. Ndikafunsa, yankho linali limodzi: belu likhoza kulira nthawi iliyonse. Ndinkati mumtima, belu lake ndi lovala thalauza limenelo.

4

Lamlungu lina mu Febuluwale 1976 anthu anasonkhana kwathu. Kunja chipale chofewa chinali chitakwirira magalimoto. Titatha kudya, Medson anatulutsanso mabotolo aja n'kuyamba kuphunzitsa alendo za chimanga, nyemba ndi mtedza. Anthu ankaseka, poti zinali za eni dziko. Kenako mwamuna wanga anatola nyemba imodzi, naiyang'ana, n'kunena kuti:

"Koma abale, kwathu tinalakwanji? Bwanji m'nyumba yathu ya malamulo muli mbewu imodzi yokha? Tsiku lina tidzakadzala nyemba kumene kuja."

A Ambrose, mkulu wa mpingo amene tonse tinkamutenga ngati kholo, anaika kapu pansi.

"Mwana wanga, ukayenda siya phazi. Ukasiya mlomo, ukutsata."

"Tili tokhatokha muno, bambo."

"Ndi mmene ananenera ambiri amene sitikuwaonanso."

Anthu anayamba kufunafuna majekete nthawi isanakwane. Wotsala anali Tobias yekha, mnzake wa Medson wa kusekondale, amene ankagwira ntchito kuweyahausi yosungira katundu ku Mississauga. Anali munthu wofatsa, wachibwibwi pang'ono, ndipo kamera sinkachoka pakhosi pake. Ubatizo, tsiku lobadwa, munthu wagula galimoto, Tobias ali pomwepo kujambula. Anali pa chitomero ndi mtsikana wina, Anastazia.

M'mwezi wa Meyi kunachitika chionetsero pa kapinga wa kutsogolo kwa nyumba ya malamulo. Medson anapita, Tobias anamuperekeza, ndipo anamujambula. Pachithunzipo mwamuna wanga anali atanyamula chikwangwani chodzudzula boma, kukamwa kuli yasa, kumbuyo kwake chinyumba cha aphungu. Pambali pake panali Alice, dzanja lili paphewa la mwamuna wa mwini.

Madzulo a tsiku limene ndinaona chithunzicho tinayambana koopsa.

"Mundiuze lero, mkazi ameneyu ndi ndani kwa inu?"

"Ndi mnzanga wa kuntchito. Mwayamba liti nsanje ya kumudzi?"

"Ya kumudzi? Munakanditenga kutauni ine? Musankhe, bambo: banja kapena nyemba zanuzo."

"Musandiuze zosankha. Kuno ndinaphunzira kuti munthu akhoza kunena kuti ayi."

Anatuluka n'kumenyetsa chitseko. Grace anadzidzimuka n'kuyamba kulira.

5

Telegalamu inafika pa 9 Ogasiti. Inali yochokera kwathu ku Dedza, kumene mudzi wa Medson ndi wathu ndi yoyandikana. Mawu ake anali ochepa: amayi ako akudwala mwakayakaya, bwera msanga. Pansi pake panali dzina la a Wyson, malume anga, amenenso anali ankhoswe anga pa ukwati wathu.

Dzina limenelo ndinaliwerenga kawiri.

"Musapite," ndinatero.

"Amayi anga akufa, inu mukuti ndisapite?"

"Tiyambe talemba kalata, timve bwino."

"Kalata imatenga masabata atatu kupita kokha. Mukufuna ndikapeze manda atamera udzu?"

A Ambrose nawonso anamuletsa, namukumbutsa za mawu aja. Medson anati mawu aja anawalankhula pakati pa abale, ndipo khadi lija analisiya kalekale mu kabati, silikudziwika ndi munthu. Sanapite kukaliyang'ana m'kabatimo. Akanapita, bwenzi lero ndikulemba nkhani ina.

Tobias ndiye anatitengera ku bwalo la ndege pa galimoto yake. Medson ananyamula Grace njira yonse. Pa chipata anandigwira dzanja, chinthu chimene anali asanachite kwa miyezi itatu.

"Amake Grace, ndakhala ndikukulakwirani. Ndikabwera tidzakhala pansi. Masabata awiri okha."

Ndinali ndi mawu pakhosi, mawu oti akanangotuluka munthu uja sakanakwera ndege. Ndinatsegula pakamwa. Anthu anali pamzere kumbuyo kwake, Tobias ataima poteropo ndi kamera yake.

"Mwati bwanji?" Medson anafunsa.

"Ndati mukawapatse moni amayi."

Anamwetulira, napsompsona mwana, nalowa.

6

Masabata awiri anatha. Mwezi unatha. Ndinkatsika kasanu patsiku kukasuzumira m'bokosi la makalata, koma munalibe kanthu. Mu Okutobala m'pamene kunafika kalata ya sitampa ya ku Zambia. Anailemba ndi Vainess, mchemwali wake wa Medson, n'kuipatsira munthu wodutsa malire kuti akaiponye ku Chipata.

Ndinaiwerenga Lamlungu pamaso pa anthu onse kunyumba kwa a Ambrose. Medson sanafike n'komwe kumudzi. Atangotsika ndege pa Chileka, amuna awiri ovala masuti anamutengera m'galimoto. Amayi ake sanadwalepo. Tsiku limenelo anali kudimba. Patapita masiku, amuna omwewo anafika kumudzi kudzasecha m'nyumba, ndipo anawaonetsa amayiwo chithunzi: mwana wawo atanyamula chikwangwani, mkazi wachilendo atamugwira paphewa. Anawauzanso mawu amene mwana wawo analankhula kunja, akuti adzadzala nyemba m'nyumba ya malamulo.

Nditafika pa mawu amenewo, maso onse anatembenukira pangodya pamene panakhala Tobias.

"Chithunzi chimenecho anajambula ndani?" anafunsa a Ambrose.

"Ndi... ndine, bambo."

"Tsiku la nyemba lija unalipo?"

"Ndinalipo. Ko... koma tonse tinalipo."

"Tonse tili ndi makamera?"

Chibwibwi chinamugwira, mawu osatuluka. Mwamuna wina anamuvula kamera ija n'kuimenyetsa pakhoma. Amayi anayamba kukuwa: kazitape, Yudasi, wakhala ukutijambula zaka zonsezi kuti uzikatigulitsa! Anastazia anavula mphete pomwepo n'kuiika patebulo. Tobias sanadziteteze. Anatola zidutswa za kamera yake, ndipo pofika pakhomo anatembenuka n'kundiyang'ana ine. Ndinabisa nkhope mu chitenje n'kulira mokweza, amayi n'kundizungulira.

Kuchokera tsiku limenelo palibe Mmalawi amene anamupatsanso moni.

7

Amene anandithandiza kwambiri, musadabwe, anali Alice. Anabwera kunyumba maso ali ofiira, nanditengera kwa a Dunleavy. Kamunthu kadazi kaja kanamvetsera zonse, nkhope ikufiira.

"Nkhani za maiko akunja si za nyumba yathu ino," anatero, "koma boma pano likufuna mavoti athu pa chilichonse. Ndikagogoda, amatsegula. Ndidzagogoda mpaka wina ku likulu ku Ottawa atope nane."

Anagogodadi. Analemba makalata, anasainitsa aphungu anzake, ngakhale ena a chimanga ndi a mtedza. Kumayambiriro kwa 1977 tinamva kuti funso lafika kwathu kudzera kwa akazembe, ndipo yankho linabwera loti munthuyo ali moyo, nkhani yake ikuonedwa. Ndinagwada m'khitchini kuthokoza Mulungu. Ine amene ndinkadana ndi nyemba zija, tsopano ndinkaziwerenga m'nyuzipepala m'mawa uliwonse ngati mankhwala a wodwala, kuopa kuti ina yasowa.

Mu Epulo boma linagonja pa voti ina m'nyumbamo, ndipo linaitanitsa chisankho. Ndinayenda nawo khomo ndi khomo, Grace ali kumbuyo, kugawa mapepala a a Dunleavy. Azungu ankadabwa kuona mwana womangidwa pamsana. Pa 9 Juni anthu anavota. Chimanga chinakwera kufika 58, mtedza unapeza 34, nyemba zinatsika kufika 33. Mwa nyemba zimene zinagwa, imodzi inali a Dunleavy.

Ndinapita ku ofesi kwawo patapita masiku awiri. Ndinawapeza akulongedza mabuku m'makatoni, Alice akuchotsa zithunzi pakhoma.

"Pepani, mayi," anatero. "Ndidzalembabe. Koma kalata ya munthu wopanda mpando imayankhidwa ndi mlembi."

Amene analowa m'malo mwawo anandilandira mwaulemu, nalemba dzina la Medson molakwika pakapepala, n'kundiuza kuti adzandiimbira. Sanaimbe.

8

Mlungu womwewo, ndikuweruka masana, ndinapeza Tobias ataima pamalo okwerera basi pafupi ndi kuntchito kwanga. Anali ataonda, jekete likungolendewera. Ndinafuna kubwerera, koma anali atandiona kale.

"Alamu, musathawe. Ndi... ndili ndi funso limodzi lokha."

"Ndilibe nanu mawu."

"Chithunzi chija ndinatsukitsa ziwiri. China chili kwanga, ndi filimu yake. China ndinakupatsani inu m'manja, pa khomo la tchalitchi. Chanucho chili kuti?"

Owerenga, apa m'pamene ndakhala ndikukuzungulitsani. Chithunzi changa chinali kwathu, m'manja mwa amuna a masuti aja, ndipo amene anachitumiza ndine.

Mwambo wathu mukuudziwa. Banja likavuta, mkazi sapita kwa loya, amapita kwa ankhoswe. Kuno ndinalibe nkhoswe, ndipo kukadandaula kwa a Ambrose ndinkachita manyazi, poti nkhani ikanafika kwa amayi onse dzuwa lisanalowe. Ndiye m'mawa mwake mwa tsiku limene Medson anamenyetsa chitseko, ndinakhala pansi n'kulembera malume anga a Wyson. Ndipo poti kwa ankhoswe supita chimanjamanja, kutsutsa galu n'kukumba, ndinaika umboni mu envulopu: chithunzi chija, ndi khadi lija, limene ndinalitenga m'kabati. Ndinalemba masamba anayi. Ndinafotokoza za Alice, za kubwera mochedwa, za mmene ndale zamulowera m'mutu mpaka kumalankhula zodzadzala nyemba kwathu. Mawu akewo ndinawalemba ndendende, kuti malume aone kukula kwa matenda. Ndinamaliza ndi kuti, chonde muopsezeni, inu akumverani.

Ndinganame kuti sindinkadziwa kuti makalata ochokera kunja amatsegulidwa? Ndinkadziwa. Ndinganame kuti ndinaiwala zoti malume anali wapampando wa chipani m'dera lathu? Khadi langa loyamba anandigulitsa ndi iwowo. Ndinaima pa bokosi lofiira la makalata nthawi yaitali, envulopu ili m'manja. Mtima wina unkati Bertha, ng'amba. Koma ndinakumbukira dzanja lija paphewa, n'kuiponya. Ndinkafuna kuti Medson achite mantha ngati mmene ine ndinkachitira. Ndinkafuna abwerere m'nyumba.

Yankho la malume linabwera Medson atagwidwa kale, mizere iwiri yokha: "Mwana wanga, nkhani yako ndinaipereka kwa oyenera. Kalata yotere munthu sagona nayo m'nyumba."

Zonsezi sindinamuuze Tobias. Anangondiyang'ana kumaso, ndipo anaona yekha.

"Ndinadziwa tsiku lomwe lija," anatero.

"Nanga bwanji simunanene?"

"Mwana wataya bambo. Ndi... ndimulandenso mayi? Akanakuchitani zimene andichita inezi, Grace akanaleredwa ndi yani?"

"Ndiye mukufuna chiyani kwa ine?"

"Palibe. Mwana akakula, mudzanene nokha. Ine ndidikira."

Basi inafika. Ndinakwera, iye anatsala.

9

Medson anamwalira m'ndende mu 1979, mlandu wake osazengedwa. Akuti chinali chifuwa. Mtembo sanaupereke kwa abale, ndipo mpaka lero sindidziwa pamene anagona. Uthenga unabwera ndi munthu amene anali naye m'chipinda chimodzi, yemwe atatulutsidwa anathawira ku Lusaka. Mu envulopu yake munali kachidutswa ka pepala la thumba la simenti, kolembedwa ndi pensulo. Dzanja linali la mwamuna wanga.

"Amake Grace, kalata ija anandiwerengetsa mokweza, kawiri. Dzanja lanu ndinalizindikira ndisanayambe. Mawu anga sindinawakane, poti ndinanenadi. Sindikukusungirani chakukhosi, ndinakusiyani nokha nthawi yaitali. Koma chithunzi chija ndi cha Tobias, ndipo ndikudziwa kuti anthu amunamizira. Mukawauze zoona. Mundipsompsonere mwana."

Za Alice sanalembepo kanthu. Kaya chinali chibwenzi kaya ayi, sindinadziwe, ndipo Alice sindinamufunse, chifukwa yankho lililonse likanandimaliza.

Pa mwambo wa maliro umene tinachita kwa a Ambrose, opanda bokosi, anthu anandipempha kuti ndiwerenge mawu otsiriza a malemu. Ndinaimirira, kapepala kali m'manja. Ndinawerenga mzere womaliza wokha, wa kupsompsona mwana. Amayi analira, amuna anatukwananso Tobias, ine n'kukhala pansi.

Chaka chilichonse ndinkati ndinena chaka chamawa. Grace ayambe wamaliza sukulu. Ayambe wakwatiwa. Ayambe wachira, poti wangobereka kumene. Kwathu zinthu zinasintha, m'nyumba ya malamulo munalowa zipani zambiri, anthu anayamba kutchula Medson ngati ngwazi, ndipo ine ankandiika pampando wakutsogolo. Tobias sanakwatire. Ankakhala m'kachipinda kapansi ku Etobicoke, napemphera ku tchalitchi cha azungu kumene kunalibe womudziwa. Tikakumana m'sitolo ankangondigwedezera mutu, osafunsa kanthu.

Anamwalira chaka chatha. Ndinapempha Grace kuti andiperekeze ku maliro.

"Mum, are you serious? That man killed my dad."

Ndinapita ndekha. Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi, kuwerengera abusa, ndipo Mmalawi ndinali ine ndekha.

10

Owerenga anzanga, sindikupemphani kuti mundimvere chisoni, ndipo musandinamize kuti anapha Medson ndi amuna a masuti aja okha. Iwo anali ndi ndende, koma adiresi anawapatsa ndine. Ndinkadziona ngati mkazi wolakwiridwa amene akungotsata mwambo, ndipo mwina ndinalidi wolakwiridwa. Koma mkwiyo wanga ndinaupereka kwa anthu amene ndinkadziwa bwino lomwe zimene amachita ndi munthu. Inu amene mwakwiya lero, amene mwagwira kale cholembera kapena foni kuti mukamuneneze mnzanu kwa amphamvu kuti aphunzirepo, dziwani kuti amphamvuwo sadzakufunsani kuti alekere pati.

Za kalatayo ndikhoza kunamizira ubwana ndi nsanje. Za Tobias ndilibe ponamizira. Anthu awiri anandipempha chinthu chimodzi chokha, wina ali m'ndende, wina ataima pa basi, ndipo onse ndinawadikiritsa mpaka kumanda. A Ambrose anapita akumutcha Yudasi. Anastazia, ngati muli moyo ndipo mukuwerenga, munavula mphete ya munthu wosalakwa.

Ndipo ngakhale lero musanditame kuti ndalimba mtima. Onani chinenero chimene ndalembera. Grace anabadwira kuno, Chichewa chake chimathera pa moni ndi zikomo, ndipo tsamba ili atalipeza patebulo panga sangadziwe kuti likunena za bambo ake. Ndayesa kumuuza pamaso kambirimbiri, koma pakamwa pamatuluka zina, monga panatulukira pa bwalo la ndege paja.

Ndikudziwa kuti mmodzi wa inu amuimbira. Muimbireni ndithu. Mumuwerengere zonse m'Chingerezi, musadumphe mzere ngati mmene ndinachitira ine, ndipo musamufewetsere. Mukamuuze kuti Tobias sanaphe bambo ake, ndi kuti anasenza dzina loipa moyo wake wonse kuti iye akule ali ndi mayi.

Nambala yanga akuidziwa. Ndili pakhomo, sindikupita kulikonse.